Mfuti Imene Ndinatulutsa M'diramu la Amalume Anu

Thokozani ndi Pilirani, amayi anu akhala akundinena kuti chipumire pa ntchito ndangosanduka mlonda wa wailesi ya kanema, ndiye ndati ndilembe izi mwina angandipatseko mtendere. Ndikulemba m'Chichewa dala. Mukakanika kuwerenga mubwere kuno ku Braunstone mu Leicester ndidzakuwerengereni, mudzandiyankha m'Chingerezi chanucho monga mwa masiku onse. Za ubwana wanga sindinenapo, ndinaweta mbuzi ngati wina aliyense. Ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa.

Zaka za ku Zomba

Ndinalowa usilikali ndili ndi zaka makumi awiri. Akuluakulu ataona kuti pa perete miyendo yanga imasemphana ndi ya anzanga koma manja ndi ochenjera, ananditumiza ku nyumba yosungira ndi kukonzera mfuti. Bwana wanga woyamba anali Sajeni Meja Kachingwe, munthu wamfupi, wosaseka, amene ankanunkha mafuta a mfuti ngakhale Lamulungu ku tchalitchi. Ndinkamuopa kwambiri, ndipo mpaka lero ndikagwira chitsulo ndimamva ngati waima kumbuyo kwanga.

Pisito, mfuti zing'onozing'ono zija amamangirira m'chiuno, tinali nazo za mitundu iwiri. Zina zinali za ku Belgium, zakale kuposa ine, zina za ku China, zosaoneka bwino, zakuthwa m'mbali mwake moti zinkang'amba thumba. Bwana aliyense akabwera kudzatenga ankafuna ya ku Belgium, nanenso ndinayamba kuyankhula ngati iwo. Tsiku lina ndinauza Kachingwe kuti za ku Chinazo n'zongodzaza malo. Anatenga imodzi uku, imodzi uku, n'kuzikwirira mu mchenga, kenako tinapita nazo ku malo oyeserera kuwombera. Ya ku Belgium, sipuling'i yake itatopa ndi ukalamba, inakana pa chipolopolo chachitatu. Ya ku China inamaliza zonse. Ndinati basi ndamva, za ku China ndiye zabwino. Iye anati ndidikire mvula. Mvula itabwera, za ku China zija zinayamba dzimbiri ngakhale tizipukuta tsiku ndi tsiku, pamene zakale zija zinangokhala phee, zoyera.

“Chimwaza,” anatero, “mfuti ilibe pasipoti. Usandiuze kwawo. Undiuze tsiku limene idzakane.”

Zosowa zinali zambiri. Mafuta opukutira akatha, Kachingwe ankabwera ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera a akazi ake, atakabisa m'sokosi. Nsalu zopukutira tinkang'amba mavesiti athu akale. Zipangizo zikachedwa kufika tinkapha mfuti imodzi kuti zisanu zikhale ndi moyo. Ndinakhala mmenemo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndinatuluka ndili sajeni, ndipo sindinawomberepo munthu. Chimenechi ndimachinyadira kuposa mizere yomwe inali pa mkono wanga. Nditatuluka ndinagwira zaka ziwiri ku Blantyre ngati kapitawo wa alonda pa kampani ina, mpaka amayi anu anapeza ntchito ya unamwino kuno.

Chaka chofika ku Leicester

Amene anatilandira ndi amalume anu a Mataka, mchimwene wawo wamkulu wa amayi anu. Iwo anabwera kale kudzaphunzira za mankhwala, n'kukhazikika ku Oadby, m'mphepete mwa Leicester, m'nyumba yokhala ndi galaja ya magalimoto awiri. Tinakhala kwawo miyezi isanu ndi iwiri tonse anayi, osalipira kanthu. Jekete loyamba la chisanu lomwe ndinavala dziko lino anandigulira ndi iwo. Muzidziwa zimenezi, chifukwa zimene ndinene kutsogoloku zingakupangitseni kuwaona ngati munthu woipa, pamene sali choncho. Ndi munthu wopatsa, kungoti sanazolowere kumva mawu akuti ayi.

Muzidziwanso malo anga pamaso pawo. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi amalume anu, ine ndine mkamwini chabe, wobwera. Pa maliro, pa ukwati, pa mlandu, woyankhula ndi iwo, ine wanga ndi kunyamula mipando ndi kuwaza nkhuni. Tinakwera ndege, tinasintha nyengo, koma chimenechi tinabwera nacho chonse, ndipo ine sichinandivutepo.

Ntchito yoyamba inali ya m'nyumba yosungira katundu, kunyamula makatoni zaka zinayi. Sajeni wathunthu kumalamulidwa ndi kamakina kolira m'manja kuti fulumira! Msana unayamba kudandaula, koma sindinauze munthu. Loweruka lina ndinalowa m'sitolo ina ya zida zowedzera nsomba ndi mfuti za mpweya kuti ndingowotha, basi itandisiya. Mwini wake, mzungu wamtali wa imvi dzina lake Graham, anali atamasula pisito pa kauntala, akutukwana pansipansi. Ndinaona kuti kasipuling'i kena wakaika chozondoka. Ndinapirira mphindi ziwiri, kenako zala zinandiyabwa. Ndinapempha, anandikankhira zonse, ndipo asanamalize kupukuta magalasi ake inali itabwerera m'chimake. Anandifunsa kumene ndinaphunzira. Nditamuuza, anati ndibwere Loweruka linalo. Patatha miyezi itatu makatoni ndinatsanzikana nawo.

Zaka khumi ndi chimodzi za m'sitolo ya Graham

Dziko lino munthu wamba saloledwa kusunga pisito yeniyeni. Zomwe tinkagulitsa zinali za mpweya, zowombera timipira tachitsulo kapena tizipolopolo ta mtovu, mphamvu yake ikuchokera m'kabotolo ka gasi kolowetsa m'chogwirira. Koma maonekedwe ake ankatengera za asilikali ndendende, moti patali mamita asanu ngakhale ine sindikanasiyanitsa. Ogula ambiri anali azibambo achikulire olasa mapepala ku kalabu kapena kuseri kwa nyumba zawo. Aliyense ankayenera kubwera yekha, kuonetsa chiphaso kuti ndi wamkulu, ife n'kulemba dzina lake.

Ambiri ankafuna zotsika mtengo, ndipo funso lawo linali lija la mabwana a ku Zomba: yapangidwa kuti? Ndinkaseka mumtima. Panali zina zolembedwa dzina la Chijeremani pa katoni ndi zilembo zikuluzikulu, koma ukatembenuza mfutiyo, pansi pake, timalemba tating'ono tikuti Taiwan. Wogula akaona zimenezo nkhope inkagwa, chonsecho za ku Taiwanzo ndiye zinali msana wa sitolo yathu. Zinkapangidwa mwaudongo, chitsulo cha pamwamba chinkabwerera m'mbuyo ukawombera ngati yeniyeni, ndipo anthu ankachikonda chimenecho. Vuto lake zinkadya gasi ngati galimoto yakale, ndipo kukazizira kalabala kotsekera mpweya kankauma n'kuyamba kuchucha. Za ku Germany zenizeni tinkasunga ziwiri kapena zitatu, zolasa pomwe waloza, zosavuta, koma mtengo wake munthu ankangozigwira n'kuzibwezera mwaulemu.

Ndinapempha Graham kuti mtundu uliwonse watsopano ndiziuyesa ndisanaupachike. Kuseri kwa sitolo kunali kanjira kopapatiza, ndinaikako bokosi la mchenga. Iliyonse ndinkaiwombera maulendo mazana atatu, kenako n'kuigoneka m'firiji pambali pa mkaka wa Graham, m'mawa mwake n'kuiyesanso ili zii. Ndikamaliza ndinkalemba kakhadi ndi dzanja n'kukamangirira ndi ulusi pa tiriga, paja pokoka ndi chala. Mlungu woyamba Graham anawerenga kakhadi ka pisito ina ya ku China, yonyezimira, yolemera bwino m'manja, yotsika mtengo kuposa zonse. Ndinali nditalemba kuti: yokongola, koma chitsulo chake n'chofewa, chidzasweka pamwamba isanathe miyezi isanu ndi umodzi.

“Ukufuna kundigwetsera bizinesi?” anandifunsa atafiira makutu. “Ndagula makumi awiri a zimenezi!”

“Mukazigulitsa mwakachetechete zidzabwerera makumi awiri,” ndinatero, “ndipo eni ake sadzabweranso.”

Anachotsa kakhadiko. Chisanu chisanathe zinabwerera zisanu ndi ziwiri, zonse zitasweka malo amodzimodzi. Sanapepese, sanali munthu wa zimenezo. Ndinangopeza m'mawa wina pa tebulo langa pali paketi ya makhadi atsopano ndi mpukutu wa ulusi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma musati za ku China zonse zinali choncho. Panali ina ya pulasitiki, yakuda bii, yopanda chokopa chilichonse, imene ndinaiwombera mpaka chala chinatupa osakana ngakhale kamodzi. Ndinkailimbikitsa kwa aliyense woyamba kumene, ndipo ambiri ankainyoza chifukwa chopepuka. Za ku Turkey zinali ngati ana a mimba imodzi osiyana mtima: katoni imodzi, ina yolimba kwambiri, inzake yokhota poyang'anira. Zimenezo ndinkayesa imodziimodzi.

Imene ndinkaikonda ine inali ya ku Russia. Chitsulo chenicheni, chosasalazidwa, tiriga yolimba yofuna chala cha mlimi, ikufika itapakidwa girisi wonunkha ngati nyumba ya Kachingwe. Malabala ake anali achabechabe, koma ukangosintha amenewo, mdzukulu wako adzaipeza. Nthawi ya mliri ija katundu atasiya kubwera, malabala anasowa dziko lonse. Graham anafuna kuuza anthu kuti tasiya kukonza. Ine ndinapita ku sitolo ya zida za mipope ya madzi, ndinagula timalabala ta saizi zonse, n'kumatinyika m'mafuta ndi kuyesa kamodzikamodzi mpaka ndinapeza tokwana. Graham anapukusa mutu n'kunena kuti munthu amene anakulira posowa ndi chida pa yekha. Zinali zaka zabwino. Ndinkapita ku ntchito ndikuimba mluzu.

Chaka cha chinkhoswe cha Pilirani

Iwe Pilirani ukudziwa mbali imodzi ya nkhaniyi, ija unalira nayo pa foni. Mbali inayo ndi iyi.

Amalume anu ankamanga nyumba ku Chileka. Mlonda wa pamalopo, a Saizi, ndinawapezera ndine. Anali mmodzi wa anthu anga ku kampani ija ya ku Blantyre, bambo wodekha, wa zidzukulu. Akuba anabwera kawiri n'kuzula mafelemu a mawindo, ndipo amalume anu zinawapweteka. Kutatsala miyezi iwiri kuti chinkhoswe chako chichitike, pomwe iwo ndiwo anali nkhoswe ya kuchikazi, analowa m'sitolo Loweruka masana ndi anzawo awiri a ku tchalitchi.

“Alamu,” anatero mosangalala, “lero ndabwera kudzakusapotani. Ndipatseni imene imaoneka yeniyeni kwambiri, koma yotchipa. Zoti imalasa bwino kapena ayi ndilibe nazo ntchito. Ndikuishipa kumudzi m'diramu la katundu mwezi wamawa, a Saizi azingoionetsa. Wakuba akaona chimenechi m'chiuno, sabweranso.”

Ndinawapempha kuti tipite kuseri tikayankhule awiri, koma anati palibe chobisa, awa ndi abale. Ndiye ndinanena pomwepo. Ndinawauza kuti chinthu chooneka ngati mfuti sachiponya m'diramu ngati sopo, akachipeza pa doko kontena yonse imaima, ndi katundu wa anthu ena osalakwa. Anati zimenezo azisamala okha, amadziwa anthu. Ndiye ndinawauza za a Wayisoni, mlonda wanga wina wa ku Blantyre, amene anasema mfuti ya mtengo n'kuipaka polishi wakuda kuti aziopseza akuba. Mbiri inamveka kuti pa geti paja pali mfuti. Amene anabwera sanabwerere katundu, anabwerera mfutiyo, ndipo sanayambe ndi kufunsa. Ndine ndinakauza akazi awo za malirowo.

“Mlonda wa ndodo akuba amamumanga n'kumusiya,” ndinatero. “Mlonda wa mfuti amayamba ndi iye. Tsono mfuti yake ikakhala yoseweretsa, mwamutuma ku imfa chimanjamanja. Pepani alamu, sindikugulitsani.”

Anzawo aja anayang'ana pansi. Amalume anu anaseka kuseka kosachokera mumtima. “Ine ndabwera ngati kasitomala, a Chimwaza. Ndiyankhule ndi manijala.” Anatembenukira kwa Graham n'kufotokoza m'Chingerezi chawo chabwino chija. Graham anamvetsera mpaka kumapeto, anandiyang'ana, n'kunena kuti ngati Chimwaza wakana ndiye kuti sitolo yakana. Amalume anu anatuluka osatsanzika.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Patapita milungu isanu anatiitana ku Oadby kukathandiza kupakira madiramu, monga tinkachitira chaka chilichonse. Ndinasangalala, ndinati mtima wawo watsika. Amayi anu ndi akazi a amalume anu ankasankha zovala, amalumewo ankalemba mayina pa zivundikiro, ine ndinkapanikiza katundu kuti alowe wambiri. M'diramu lachitatu, pansi pa mabulangete, dzanja langa linagunda katoni. Sindinafunike kuitsegula, kulemera kwake ndinkakudziwa. Anali atakagula mfuti ku sitolo ina ya ku Nottingham. Ndipo chinandiwawa kawiri, chifukwa pa mitundu yonse ya padziko anasankha yonyezimira ija, yosweka pamwamba.

Ndinaima dzanja lili m'diramu nthawi yaitali. Kunali kutatsala milungu itatu. Holo inali italipiridwa, a kuchimuna anali atagula matikiti kuchokera ku Lusaka ndi ku Lilongwe. Popanda amalume ako, Pilirani, panalibe wokupereka. Ine bambo ako sindikanatha kuimirira pamalo pawo, anthu akanafunsa kuti mwanayu alibe kwawo kodi. Ndikanatha kubwezera bulangete, palibe akanadziwa kuti ndaona. Ndinayesadi kutero, ndinalikoka mpaka theka. Koma a Saizi ndinakawatenga ndine pakhomo pawo, ndinawauza ndine kuti abwana ake ndi anthu abwino. Ndinatulutsa katoniyo n'kuiika pa tebulo la zida.

Amalume anu anati, “Bwezerani mmene munazipeza.”

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera. M'malo mowatengera pambali, ndinatulutsa foni n'kuimbira a Saizi, mawu ndikuwaika pokweza kuti aliyense amve. Ndinati mwini wake wa chiuno chomwe mfutiyi ikamangidwe anene yekha. Titapatsana moni ndinawafotokozera zonse, n'kuwauza kuti abwana ali pompano akumva.

Kumbuyo kwa a Saizi kunkamveka nkhuku. “Zili kwa inu abwana,” anatero. “Ine ndine wantchito, chomwe mwatumiza ndilandira ndi manja awiri. Kungoti ikafika mundiuze pokakwirira, chifukwa kuyenda nayo ndiye ayi. A Wayisoni tinawanyamula ndife. Awa akuba mawindowa amabwera awiri ndi chitsulo chokanulira. Akamva zoti pano pali mfuti adzabwera khumi, ndipo mawindo sadzawayang'ana n'komwe.” Anatsokomola, kenako anawonjeza motsitsa mawu. “Koma ngati m'diramumo mwatsala malo, jombo zanga zinabooka. Ndi tochi yowala patali, abwana. Ndakhala ndikuopa kupempha.”

Akazi awo a amalume anu kuseka kunawapulumuka, anagwira pakamwa mochedwa. Amalume anu sanakweze mawu. Anatseka peni yawo bwinobwino n'kunena kuti, “Alamu, zikomo pothandiza kupakira. Mutha kumapita.”

M'galimoto, titadutsa pakati pa tauni, amayi anu anatembenukira kwa ine. Anati, “Munalondola, koma mwalakwa. Achimwene mwawavula pamaso pa mkazi wawo, pamaso pa mlongo wawo, ndi pamaso pa wantchito wawo. Tsiku limodzi! Mumafuna atani?” Mlungu umenewo amalume anu anatuluka m'gulu la pa foni lokonzekera chinkhoswe, osanena chifukwa. Ndi pamene unandiimbira ukulira, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati sindikanatha kungokhala chete kamodzi kokha m'moyo wanga. Sindinakukwiyire. Nanenso funso limenelo ndinkadzifunsa.

Kwathu wolakwira wamkulu amapita ndi nkhuku. Kuno ya moyo ndikanaipeza kuti? Ndinakwera basi kupita ku sitolo ya zakudya za kwathu, ndinagula nkhuku yolimba ija, youma gwa ndi ayezi, n'kupita nayo ku Oadby m'jumbo. Ndinagogoda, ndinakana mpando, ndinakhala pansi pa kapeti nkhuku ili patsogolo panga ikuchita thukuta.

“Alamu,” ndinatero, “ndabwera kudzapepesa. Foni ija sindinayenere kuimba pagulu. Ndinakuchotserani ulemu m'nyumba mwanu, inu amene munandilandira ndilibe ngakhale jekete. Chilango chilichonse ndilandira, koma chisagwere mwana.”

“Ndiye kuti katoni ija ibwerere m'diramu?” anafunsa.

Ndinayang'ana nkhuku ija. Kunena zoona, mawu akuti inde anafika pakhosi. “Ayi alamu. Ndapepesa kayankhulidwe. Za mfutiyo ndikanenabe chimodzimodzi.”

Amalume anu anaitana akazi awo kuti atenge nkhukuyo isanyowetse kapeti. Sananene kuti zatha, sananene kuti sizinathe. Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati ndakonza kapena ndawonjeza.

Tsiku la chinkhoswe

Mwambo unayenera kuyamba 2 koloko masana. Pofika 2 koloko holo inali itadzaza, a kuchimuna atakhala mbali yawo ndi zitenje zofanana, mpando wa nkhoswe ya kuchikazi uli wopanda munthu. Amayi anu ankangolowa ndi kutuluka ku khitchini osanyamula kanthu. Ine ndinaima pafupi ndi khomo ngati ndikulandira alendo, koma maso anali pa malo oimika magalimoto. Pa moyo wanga wonse, ngakhale pamaso pa Kachingwe, sindinaopepo ngati mphindi makumi awiri zimenezo.

Amalume anu anafika atavala suti yakuda, anandidutsa osandiyang'ana, n'kukakhala pa mpando wawo. Mwambo wonse anauyendetsa mwaluso lawo lija, kuseketsa anthu pobweretsa atsikana ophimbidwa nsalu omwe a kuchimuna ankayenera kusankhapo, kupatsana nkhuku ndi nkhoswe inzawo, zonse m'malo mwake. Itafika nthawi yopereka mwana, anakugwira dzanja, Pilirani, n'kutembenukira kwa a kuchimuna.

“Tisanakupatseni mwanayu,” anatero, “ndikuchenjezeni, musadzati sitinanene. Akuchokera m'nyumba ya munthu wokanika. Bambo ake aima pakhomo apowo anandikaniza ine, mwini mbumba, chinthu chimene ndinkachifuna. Anandikaniza ku ntchito kwawo, anandikaniza m'galaja mwanga, anabwera kudzapepesa n'kundikanizanso atakhala pa kapeti yanga.” Anthu anaseka, osadziwa kuti si nthabwala. Iwo sanaseke. “Ndakhala ndi anthu ambiri ondivomera. Wondikaniza kuti munthu wina wosauka akhale ndi moyo ndapeza mmodzi. Tsono mwanayu akakhala kuti anatengera bambo ake, adzakuuzani zoona musanamufunse, ndipo zidzakuwawani. Musadzam'bweze chifukwa cha chimenecho. Mudzam'sunge.”

Nthungululu zinamveka holo yonse. Ine ndinalira, Pilirani, sajeni wathunthu, pamaso pa apongozi ako onse, ndipo sindinachite manyazi.

Anthu atayamba kubalalika ndinawatsatira kuti ndiwathokoze. Ndinali nditakonza mawu ambiri. Anandiona ndikubwera, anayang'ana wotchi yawo, n'kunena kuti, “Alamu, eni holo akufuna mipando yonse ibwerere m'chipinda chake isanakwane 6 koloko.”

Ndinavula jekete n'kuyamba kunyamula.